Mapepala a tisheti a pulinta ya leza: ndawayesa, ndapsa nawo chala, nazi zimene ndaona

Kashopu kanga kali kuseri kwa msika kuno ku Ulongué, m'boma la Angónia ku Mozambique, ndipo chimene chimandidyetsa ndi fotokope: ziphaso za unzika zija timati ma BI, zikalata za ana asukulu, mayeso a aphunzitsi, makadi a ukwati, nthawi zina mapologalamu a maliro. Za matisheti zinabwera ndi amayi anzanga a chipereganyu, chija ena amati xitique. Tilipo 24. Chaka chatha tinagwirizana kuti pa 7 Epulo, tsiku la amayi a dziko lino, lija timakumbukira Josina Machel amene anamwalira pa tsikuli mu 1971, tisangovala kapulana yofanana ngati zaka zonse, tikhalenso ndi tisheti yolembedwa mawu athu. Atcheya athu, mayi wachikulire wa munda wa kachewere cha ku Domue, anangonditembenukira n'kuti, "Mayi a fotokope, inu si muli ndi makina? Ntchito imeneyi ndi yanu." Ndinavomera ndisanadziwe chimene ndikuvomera.

Mapulinta ndili nawo awiri, onse a leza. Imodzi ndi HP yotulutsa zakuda zokha, ndiyo imachitanso fotokope kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Inayo ndi ya mitundu, ndinagula yakale ku ofesi ina imene inkatseka ku Moatize. Pulinta ya inki ndinasiya kalekale: ikangokhala sabata osagwira ntchito inki imauma, ndipo pepala lake likadontheredwa ndi mvula zolemba zimayenderera. Vuto n'lakuti mapepala omatira zithunzi pa nsalu amene ali mbwee m'masitolo ndi a pulinta ya inki. A leza alipo, koma kuwapeza ndi ulendo, ndipo ulendo wanga unayamba ndi kuwononga.

Ndinakwera shapa, minibasi zathu zija, ya m'bandakucha wopita ku Tete, kutsetsereka kudzera ku Mussacama, Moatize, n'kuwoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel. Amene munachokapo ku Angónia mutavala juzi n'kukafika ku Tete dzuwa lili paliwombo mukudziwa mmene mutu umakhalira: umangofuna kugula chimene wabwerera n'kuthawa. Mu papelaria ina, sitolo ya mapepala ndi zolembera, ndinafunsa papel transfer, mapepala omatira zithunzi pa nsalu aja. Mnyamata wogulitsa anatulutsa paketi ya mapepala 20, pachikuto pali chithunzi cha tisheti ndi nsimbi. Ndinafunsa, "Achimwene, amenewa alowa mu pulinta ya leza?" Iye, osaiyang'ana n'komwe paketiyo, anayankha m'Chinyungwe chosakaniza ndi Chipwitikizi kuti, "Mayi, pulinta ndi pulinta. Amalowa paliponse." Ndinalipira.

Kulowa analowadi. Kutuluka ndiye ayi. Ndinayamba ndi HP poti ndinkangofuna kuyesa mawu akuda. Pepala linakokedwa bwinobwino, kenaka makina anayamba phokoso ngati akutafuna, kanyali n'kuyamba kuphethira, fungo la jumbo yopsa n'kudzaza shopu. Nditatsegula kumbuyo ndinapeza pepala litazinga chogudubuza chotentha chija, litamata ngati chingamu pansi pa benchi ya sukulu. Ndinakoka, linang'ambika, theka linatsala momwemo. Pofuna kukanda ndi chikhadabo ndinapsa chala. Mapepala wamba amene ndinayesa pambuyo pake onse ankatuluka ndi chibanga chakuda chonyezimira, chobwerezabwereza kutsika tsamba lonse.

Mmisiri amene anakonza, bambo wina wachikulire wa ku Tete yemwe ndinamupititsira makinawo nditawafukata pamiyendo mu shapa, ndiye anandiphunzitsa zimene ndinayenera kudziwa ndisanatulutse ndalama. Pulinta ya inki imangolavulira timadzi pa pepala lozizira, basi. Ya leza ilibe madzi. Tona ndi ufa wa pulasitiki wosakaniza ndi utoto, ndipo kuti ufawo ugwire, pepala limadutsa pakati pa zogudubuza ziwiri, chimodzi chotentha madigiri 180 kufika cha m'ma 200. Iwo amachitcha fusor. Tsono pepala la tisheti la inki linapakidwa pulasitiki yofewa yopangidwira dala kuti isungunuke ikakumana ndi moto wa nsimbi, ndipo moto wa nsimbi sunasiyane kwenikweni ndi wa fusor. "Mwaisita pulinta yanu m'mimba, mayi," anatero akundionetsa kachikopa kopyapyala kamene kamakuta chogudubuzacho, katapakika phala louma. Anasintha kachikopako. Masiku asanu ndinkangotsegula chitseko n'kumalozera makasitomala kwa mnzanga wa tsidya la msewu, poti pulinta ya mitundu ija siichita fotokope.

Nditabwerera ndinaitenga paketi ija n'kuiwerenga ndi magalasi. Pakona, m'zilembo zazing'ono ngati nyerere, panalembedwa inkjet, pansi pake jacto de tinta. Mnyamata uja ananama, koma maso ndinali nawo inenso. Paketi ikapanda kulembedwa laser poyera, isalowe m'makina anu, ngakhale wogulitsa alumbire pa manda a agogo ake.

Kusaka kwenikweni kunayamba apo. Ku Tete komweko, tsiku lokatenga makina, ndinazungulira masitolo anayi. Awiri anandionetsa a inki omwe aja. Ina inanditulutsira papel de sublimação, n'kumandikakamiza kuti ndiwo akuyenda malonda masiku ano. Kuyenda akuyendadi, koma amenewo ndi nkhani ina: amafuna inki yawoyawo mu pulinta ya inki, ndipo amagwira pa nsalu ya poliyesitala yoyera kapena yowala, ngati majezi a mpira. Pa thonje amasuluka, ndipo ndi leza sagwirizana m'pang'ono pomwe. Sabata yotsatira ndinali ndi ulendo wina wa ku Lilongwe, kutulukira pa Calómuè n'kudutsa Dedza, ndiye ndinafunsanso kumeneko. Ndinapeza munthu wogulitsa limodzilimodzi, akutulutsa mu dirowa, opanda paketi, opanda malangizo, akuti ndi a leza. Mwina ankanena zoona. Koma wolumidwa ndi chakuda amaopa ndi khala lomwe, ndinawasiya.

Anandipulumutsa ndi achimwene anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Analowa mu sitolo ya zipangizo za osindikiza matisheti n'kumanditumizira zithunzi pa WhatsApp. Mayina akuluakulu pa mapepala a leza ndi Forever ya ku Germany, Neenah ya ku America, ndi TheMagicTouch. Mitengo yake nditaisinthira m'metikali ndinapuma kaye. Ndinasankha amene sitoloyo imalongedza yokha m'mapulasitiki, okhala ndi kachikalata ka malangizo ka tsamba limodzi, ndipo ndi amenewa ndikunena pano. Anabwera ndi dalaivala wa thiraki, mwa awa amachoka ku South Africa, kudutsa Zimbabwe, kulowera pa Cuchamano, Tete, n'kukwera kuno popita ku Malawi. Anatenga masabata awiri, n'kufika Malichi ali kumapeto, atcheya atandifunsa kale katatu.

Mapaketi anali awiri, onse a A4. Ina ya mapepala 50 a nsalu zoyera ndi zowala, pa Chipwitikizi tecidos claros. Inayo ya mapepala 20 a nsalu zakuda, tecidos escuros. Powerengera ndi ya dalaivala yomwe, loyera limodzi linandifikira pa metikali 55, lakuda kuwirikiza kawiri. Kusiyana kwake si kwa mtengo wokha. Pulinta wamba ilibe utoto woyera. Poyera paliponse pa chithunzi ndi pepala lenilenilo. Pepala la nsalu zoyera limasamutsira pa tisheti tona pamodzi ndi kachikopa koonekera mkati, ndiye pamene panali poyera pamaoneka mtundu wa tishetiyo. Mukalimata pa tisheti yakuda simuona kanthu. La nsalu zakuda lili ndi chikopa choyera chochindikala, chimene chimaphimba nsalu n'kunyamula chithunzi pamwamba pake.

Mu pulinta ndilibe dandaulo. Mapepala 70 onse anadutsa, palibe linasungunuka, palibe linasiya phala. Loyamba ndinalilowetsa mtima uli m'mwamba, chala chili pa batani lozimitsira, mphuno ili tcheru. Linatuluka lotentha, lopindika pang'ono ngati tsamba la fodya, koma lathunthu. Zimene ndinaphunzira apa n'zochepa koma musazidumphe. Muzilowetsa limodzilimodzi pa kathireyi ka pamanja, osati kuunjika m'munsi. Ngati makina anu ali ndi kachitseko kumbuyo, katseguleni kuti pepala lituluke mowongoka. Ndipo pa kompyuta muuze pulinta kuti pepalalo ndi lochindikala, kapena la malebulo. Nditasiya pa pepala wamba tona sinagwire: ndinapititsa chala pa chilembo, chala chinada, chilembo chinachita mikwingwirima. Pa pepala lochindikala makina amakoka pang'onopang'ono, ufa umapsa mokwanira. Lija ladutsa kale musalibwezerenso m'makina kuti muonjezere mawu pa malo otsala.

Pepala la nsalu zoyera limagona chafufumimba pa tisheti, ndiye chithunzi ndi mawu zimayenera kutembenuzidwa ngati pagalasi musanapulinte. Pulinta yanga ya mitundu ilibe batani la zimenezo, ndimatembenuza mu pologalamu yojambulira. Tsiku lina nditatopa ndinaiwala. Tisheti imeneyo ilipo, amavala mwana wanga popita ku dimba, ndipo anzake amaiwerenga kuchokera kumanja. Pa la nsalu zakuda simutembenuza, chifukwa limagona chagada. Ukamagwira onse awiri tsiku limodzi mutu umasokonezeka, ndiye ine ndinalemba pa khoma ndi choko.

Tsopano nsimbi, pamene pagona nkhani yonse. Pa kachikalata kaja analemba njira ziwiri: makina opsinja, kapena nsimbi ya kunyumba. Poti makinawo ndilibe, ndinapita ndi nsimbi, ndipo matisheti atatu oyamba ndinawawononga chifukwa ndinkasita ngati ndikusita malaya a tchalitchi. Si kusita kumeneku. Ndi kupsinja.

Bolodi yositira ichotseni, ili ndi siponji yofewa ndipo imagwedera. Ine ndinatsitsa thabwa la tebulo pansi pa simenti, n'kuyalapo nsalu ya pilo imodzi yopanda msoko pakati. Nsimbi ndinakhuthula madzi onse, nthunzi n'kutseka, n'kuipotokola mpaka pa timadontho titatu, pa thonje, pamene moto umafika cha m'ma 200, n'kuisiya itenthe mphindi zisanu. Tisheti imayamba yasitidwa yokha kaye kuti chinyezi chichoke. Kuno nthawi ya mvula nsalu imene mukuti ndi youma, mukaikapo nsimbi mumaona nthunzi ikutuluka, ndipo nthunzi imeneyo ikatsekeredwa pansi pa chithunzi imachita matuza. Ndikatero ndimagoneka pepala, n'kugwada, manja onse awiri pa chogwirira, mapewa pamwamba pa nsimbi, thupi lonse kulitsamiritsa pamenepo. Ndimawerenga mpaka 20, kunyamula, kusuntha pang'ono kuti malo atsopano alumane ndi akale, kupsinjanso. Chithunzi chodzaza A4 chimafuna kusuntha kasanu ndi kamodzi kapena kupitirira, kenaka kubwereza m'mphepete monse ndi m'makona, chifukwa ndi mmene kumatuka kumayambira. Tisheti imodzi mphindi zinayi, thukuta lili kamukamu ngakhale kuno kozizira.

Yang'anani pansi pa nsimbi yanu. Timabowo ta nthunzi tija sitipsinja. Pa tisheti yachiwiri, nditamatula pepala, ndinapeza timadontho tosagwira tandandalika mokhota pa nkhope ya duwa, ndendende mmene timabowo tinakhalira. Ndinachita kubwereka nsimbi yakalekale ya apongozi anga, yopanda mabowo, yolemera ngati mwala wa mphero, ndipo ntchito inasintha pomwepo.

Kumatula nakonso kuli ndi nthawi yake. Anga amafuna kumatulidwa akadali otentha, kukoka kamodzi mosadukiza kuchokera pakona. Ndikachedwa masekondi khumi pepala limakakamira, tona ina n'kutsalira pa pepala. Ena amafuna azizire kaye, ndiye werengani malangizo a anu, musatengere anga. Ndikamatula ndimavundikira ndi pepala lophikira makeke, papel vegetal, n'kupsinjanso pang'ono; chithunzi chimalowerera mu nsalu, kunyezimira kwa pulasitiki kumachepa.

Ndipo dulani ndi sizasi musanamate, kutsata m'mbali mwa chithunzi, makona mukuwazunguliza. Paliponse pamene mwasiya pepala lopanda kanthu pamasamuka kachikopa koonekera kaja. Pa tisheti yoyera mbuu sikaoneka kwambiri tsiku loyamba, koma pa yachikasu kapena yapinki mumaona bokosi lonse, ndipo mukapyoza moto kamachita chikasu ngati pepala lakale. Kudula maluwa 24 ndi mawu ake kunanditengera madzulo awiri, ndi mwana wa achemwali anga akundithandiza.

Usiku wa pa 5 Epulo magetsi anazima nditatsala ndi matisheti asanu ndi awiri. Ndinatulutsa nsimbi yamakala. Ndinkayembekeza zoipa, koma ndinene chilungamo: kulemera kwake ndi kusalala kwa pansi pake n'zimene pepalali limafuna. Chovuta ndi moto. Ukangoikamo makala imatentha mopyola, tisheti imodzi inachita chibanga chofiirira pachifuwa. Patapita mphindi khumi yazizira, yotsatira sinagwire m'mphepete. Ndiye phulusa. Kakhala kamodzi kanathothokera pa phewa la tisheti n'kuboola. Mwa zisanu ndi ziwirizo, zinayi zinatuluka bwino, imodzi ndinaikonza magetsi atabwera, ziwiri ndinagula zina ndi ndalama zanga. Ku mudzi kopanda magetsi zingatheke, koma khalani ndi kansalu koyesera moto pambali, ndi matisheti apadera.

Pa 7 Epulo amayi anatchena. Mitundu inatuluka yowala kuposa mmene ndinkaganizira: kufiira kwa duwa kunali kufiira kwenikweni, zilembo zakuda zakuthwa, ngakhale tizilembo tating'ono ta m'munsi tinkawerengeka. Apa leza imaposa inki, chifukwa tona siyenderera ikanyowa. Kunawaza kamvula masana, palibe tisheti inadontha utoto. Amayi a magulu ena ankabwera kudzagwira pachifuwa pa atcheya n'kumafunsa kuti mwapangitsa ku Tete kapena ku Beira. Atcheya ankangoloza ine ndi mlomo.

Koma tisheti siyesedwa tsiku lovala koyamba, imayesedwa pa mwala wochapira. Malangizo amati dikirani maola 24 musanachape, tembenuzani kunja kukhale mkati, madzi ozizira, osathira javel, mankhwala oyeretsera zovala aja, osasita pa chithunzi penipeni. Ndinawauza amayi onse zimenezi pa msonkhano, mmodzimmodzi. Ena anamva. Patapita miyezi isanu ndinapempha kuti abwere nazo ndidzaone, ndipo zinandiphunzitsa kuposa kachikalata kaja. Yanga, imene ndachapa mwina kakhumi ndi kasanu, ndi manja, moitembenuza, kuyanika pa mthunzi: mtundu watsikako pang'ono, pali timing'alu tating'ono timene timaoneka ukaikoka nsalu, koma ndimapita nayo kumsika osachita manyazi. Ya mayi wina amene amanyika zovala mu sopo waufa usiku wonse n'kufikisa ndi burashi: duwa latsala ngati chithunzi cha pa khoma la sitolo yakale. Ya msungichuma wathu mwana wake anaisita pamwamba, theka la mawu linapita ndi nsimbi. Ndipo zinayi za nsimbi yamakala zija, ziwiri zayamba kukakamuka m'makona.

Nsalu nayonso ili ndi mbali yake. Zimene zapirira ndi za thonje lokhalokha, zolukidwa mothinana. Amayi atatu anabweretsa zawo za pa kalamidade, kaunjika uja, zosakaniza ndi poliyesitala. Imodzi inachita chinyezinyezi cha nsimbi chosachoka, chifukwa moto wa timadontho titatu ndi woopsa pa nsalu yotero. Zotanuka kwambiri, zija zogwira thupi, chithunzi chimang'aluka tsiku loyamba lomwe.

Mapepala a nsalu zakuda ndiwo anandikhumudwitsa. Ndinawayesa pa matisheti a buluu wakuda a timu ya mpira ya ana a m'dera lathu, nambala kumsana, chizindikiro kutsogolo. Kagwiritsidwe kake n'kosiyana: mumapulinta osatembenuza, kudula, kusenda chikopa choyera chija kuchichotsa pa pepala lake, kuchigoneka chagada pa tisheti, kuvundikira ndi pepala losamata, n'kupsinja ndi moto wocheperako. Kusendako kokha ndi ntchito, chikopa chimapindika n'kudzimata chokha ngati suchenjera. Podula, chilichonse choyera chimene mwasiya chimaoneka, ndiye nambala 8 imafuna kuboola timabowo tiwiri ndi lezala. Mukapsinja nthawi yaitali choyeracho chimalowerera mu nsalu, buluu n'kuyamba kuonekera. Mukafupikitsa sichigwira. Malo a pakati ndi opapatiza, ndipo ndi nsimbi mumangoganizira.

Zitatha zinkaoneka bwino patali. Pafupi, ukagwira, ndi chigamba cha lona. Mpweya sudutsa. Mwana wa achimwene anga atasewera theka loyamba anabwera akukoka tisheti kumsana n'kuti, "Azakhali, nambala ikuwotcha." Ndipo kuno ndi ku Angónia, wa ku Tete kapena ku Moatize mwezi wa Okutobala angaivule pakati pa bwalo. Atachapa kanayi kapena kasanu makona anayamba kudzuka, ana n'kumamatula okha ngati nkhanambo. Pa kachizindikiro kakang'ono ka pachifuwa, kosaposa chikhatho, zagwira mpaka lero. Pa chinthu chachikulu, ndi nsimbi, ayi.

Kuti ndidziwe ngati cholakwa ndi pepala kapena ndi ine, ndinatenga otsala n'kupita nawo kwa mnzanga wa ku Moatize amene ali ndi makina opsinja, aja a mbale yotentha ya masentimita 38 mbali zonse. Anatchera madigiri 190 monga malangizo anga amanenera pa pepala loyera, kutsitsa chogwirira, masekondi 25, kutukula, kumatula. Ndinangoti kukamwa yasa. Chimene ine ndimalimbana nacho mphindi zinayi nditagwada, iye anachita ali chiimire akuyankha foni, ndipo chithunzi chinalowa mu nsalu mofanana paliponse, chofewa, chopanda banga. Tinayesanso lakuda pa moto wotsikirako. Kuuma kwa lona kunalipobe, umenewo ndi mkhalidwe wake, koma tisheti imeneyo yachapidwa kambirimbiri ndipo makona ali phee. Pepala ndi lomwelo. Chimasiyana ndi chakuti makina amapereka moto wofanana ndi mphamvu yofanana pa chithunzi chonse nthawi imodzi, pamene nsimbi imatentha pakati kuposa kunsonga, ndipo mkono wa munthu umatopa pa tisheti yachisanu.

Mnzangayo anandionetsanso mapepala ena a leza amene safuna kudula. Amayenda awiriawiri: mumapulinta pa loyamba, kulipsinja pamodzi ndi lachiwiri, n'kuwalekanitsa akadali otentha, guluu n'kutsalira pokhapo pamene pali tona. Chimapita pa tisheti ndi chilembo chokha, popanda bokosi. Forever ili nawo otero, ndipo mtundu wina wake umalola pulinta yakuda yokha kutulutsa zilembo zoyera, zagolide kapena zasiliva, poti mtunduwo uli kale pa pepala. Kulinso mapulinta a leza okhala ndi tona yoyera, monga ena a OKI, a anthu amene matisheti ndiyo ntchito yawo. Zonsezi n'zokongola, koma ndi za makina opsinja. Wina asakugulitseni mapepala awiriawiriwa ngati muli ndi nsimbi yokha.

Kusunga: otsala muziwabwezera m'pulasitiki yawo n'kutseka, agone chogona, kutali ndi zenera. Ine asanu ndinawasiya pa shelefu sabata ya mvula, anamwa chinyezi n'kupindika, pulinta inawakana mpaka nditawapanikiza pansi pa mabuku masiku awiri.

Ndiye ndigulenso? A nsalu zoyera, inde, ndaitanitsa kale paketi ina. Kwa munthu amene ali ndi pulinta ya leza kale, wofuna matisheti khumi kapena makumi awiri a ukwati, a kwaya, a tsiku lobadwa la mwana, a chikumbutso cha malemu, ovala kangapo pachaka, amakwana, ndipo palibe kudikira kuti ku Tete akupangireni. Chithunzi chikhale chocheperako, chosaposa pansi pa nsimbi kawiri, ndipo pa A4 imodzi mukhoza kukwanitsapo zizindikiro zinayi kapena zisanu ndi chimodzi, mtengo n'kutsika. Powerengera mtengo wouza kasitomala muikepo pepala, tona, magetsi, tisheti imodzi yowonongeka pa khumi zilizonse, ndi msana wanu. Ine ulendo woyamba ndinawerengera pepala lokha, ndipo nditachotsa ya mmisiri wa ku Tete uja, amayi anavala matisheti pa ngongole yanga. Yunifolomu ya tsiku ndi tsiku, ya ana asukulu kapena ya ogwira ntchito, yochapidwa kawiri pa sabata, musalonjeze munthu ndi mapepalawa.

Sabata yatha kunabwera aphunzitsi awiri a sukulu ya pafupi, akufuna matisheti 40 a tsiku lawo la pa 12 Okutobala, akuda, chithunzi chodzaza msana. Ndinawatulutsira tisheti ya mpira ija, yomatuka makona, n'kuwapatsa kuti agwire. Wamkuluyo anaitembenuza, anaikanda ndi chala, n'kufunsa, "Nanga zoyera, mayi?" Tagwirizana zoyera, chizindikiro pachifuwa, mawu mzere umodzi kumsana. Ndawauza kuti Loweruka ndikwera nazo shapa kukapsinjira ku Moatize, ndipo ya ulendo alipira iwo.